Chipolopolo kulowa sindiye kuti mfuti yavomera

Aliyense amene adaonerako kanema wa makauboyi a ku America akuidziwa mfuti imene John Wayne ankakonda kunyamula. Akaomba, ankakankhira pansi chogwirira chachitsulo chomwe chili kunsi kwa mfutiyo n'kuchibwezanso. Chigoba cha chipolopolo chophulika chinkalumphira kunja, chipolopolo china n'kulowa m'malo mwake. Eni ake amazitcha mfutizi lever action, kaamba ka chogwirira chimenechi.

Mfuti zotere zilipo mamiliyoni ku America mpaka lero. Zambiri ndi zosiyirana: agogo adasiyira bambo, bambo n'kusiyira mwana. Ndiye pali funso limene eni ake satopa kufunsa amisiri okonza mfuti. Amati, kodi mfuti yanga yakaleyi simungaisinthe kuti iziomba zipolopolo za mtundu wina, zamphamvu kuposa izi kapena zosavuta kupeza m'sitolo?

Maganizo anga ndi oti ntchito imeneyi ndi yotheka, ndipo nthawi zina imakhala yanzeru. Koma nkhaniyi si ya mwini mfuti yekha ayi. Mfuti imakhalitsa kuposa munthu amene adaigula. Woisintha lero wagwira m'manja mwake maso ndi zala za mdzukulu amene adzaitole patapita zaka makumi atatu, asakudziwa chimene chidachitika m'kati mwake.

Kuti timvane bwino, tiyambe taona chomwe chimachitika munthu akaomba mfuti.

Chipolopolo chili ndi zigawo zinayi. Pali chigoba cha mkuwa, m'kati mwake muli wonga, kutsogolo kuli mutu umene umauluka, ndipo kumatako kuli kabatani kakang'ono kothetheka moto kakagundidwa. Wonga ukayaka umasanduka mpweya wotentha umene umakankha mbali zonse. Umakankha mutu kuti utuluke mumpope, umakankha makoma a mpope, komanso umakankha chammbuyo, kuloza kunkhope kwa woombayo. Chimene chimatchinga pakati pa moto umenewu ndi nkhope ya munthu ndi loko wachitsulo wa mfutiyo basi.

Kukankha kumeneku amakuyeza ndi muyezo womwe uja amayezera mpweya wa m'matayala. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wa 30 kapena kuposera pang'ono. Chipolopolo chakale chotchedwa .44-40 chimaloledwa kufika 11,000. Cha .44 Magnum chimafika 36,000, pomwe cha .30-30 chimafika 42,000. Tangoganizani, 36,000 ndi mpweya wa tayala lija kuchulukitsa ka 1,200, ndipo zonsezi zikuchitika pafupi ndi tsaya lanu.

Onani kuti .44-40 ndi .44 Magnum mayina ake akufanana, koma mphamvu yake ikusiyana katatu ndi kuposa. Mayina a zipolopolo amanyenga zedi. Kale nambala yoyamba inkanena kukula kwa mutu m'mainchi, yachiwiri inkanena kuchuluka kwa wonga wakuda. Koma sikuti nambalazi zinkalondola nthawi zonse. Chipolopolo cha .38-40 mutu wake ndi wa mainchi .40, pomwe cha .38 Special mutu wake ndi wa .357. Wodalira dzina lokha ali ngati munthu wogula mankhwala pongoona mtundu wa botolo.

Mbiri ya mfutizi ili ndi phunziro limene ofuna kusintha mfuti amalidumpha.

Mu 1860, Benjamin Tyler Henry wa ku New Haven m'chigawo cha Connecticut adapanga mfuti yonyamula zipolopolo 15 mukampope kachiwiri komwe kali pansi pa mpope weniweni. Thupi lake lidali la mkuwa, chifukwa chipolopolo chake cha .44 Henry chidali chofooka. Kampani ya Oliver Winchester idaikonza bwino n'kutulutsa ya 1866, nayonso yamkuwa. Asilikali a ku Turkey adagwiritsa ntchito mfuti za 1866 polimbana ndi a ku Russia pa nkhondo ya ku Plevna mu 1877.

Anthu atayamba kufuna chipolopolo champhamvu, a Winchester sadangokulitsa bowo la mfuti yamkuwa ija. Adapanga ina, ya 1873, yathupi lachitsulo, yoomba .44-40. Iyi ndi imene idatchuka kwambiri moti mu 1950 adaipangira kanema wake, Winchester '73, momwe mudali James Stewart.

Loko wa mfuti zitatu zonsezi adali wofanana ndi bondo la munthu. Bondolo likaongoka, mfuti yatsekeka. Likapindika, yatseguka. Pa zipolopolo zazifupi za wonga wakuda bondoli linkakwana. Koma alenje a njati ndi zimbalangondo ankafuna chipolopolo chachitali cha asilikali, .45-70, chomwe boma la America lidayamba kugwiritsa ntchito mu 1873. A Winchester adakulitsa mfuti yawo n'kutulutsa ya 1876, koma ngakhale iyo siidathe kumeza chipolopolo chachitali chotero. Adachita kuipangira chake chachifupi ndi chonenepa, .45-75.

Vutoli adadzalithetsa ndi John Moses Browning, mmisiri wa ku Ogden m'chigawo cha Utah. Iye adataya bondo lija n'kuika mipiringidzo iwiri yachitsulo imene imakwera kuseri kwa chitseko cha mfuti, monga momwe timapiringidzira chitseko cha nyumba usiku. Iyi ndiyo mfuti ya 1886, ndipo idaomba .45-70 bwinobwino. Kenaka adapanga yaing'ono yake, ya 1892, ya zipolopolo zazifupi. Imeneyi ndi imene John Wayne ankanyamula.

Nthawi yomweyo wonga nawo udasintha. Mu 1884, Paul Vieille wa ku France adatulukira wonga wopanda utsi, wamphamvu kwambiri kuposa wakuda uja. Mfuti ya Winchester ya 1894 idayamba kugulitsidwa ili ya zipolopolo za wonga wakuda. Chipolopolo cha .30-30, cha wonga watsopano, chidadikira mpaka 1895 pamene mipope ya chitsulo cholimba chosakaniza ndi nikelo idapezeka. Mfuti ya 1894 yapangidwa zoposa 7 miliyoni.

Taonani ndondomeko yake abale. Kampani imene idali ndi amisiri, makina ndi ndalama zoyesera, nthawi iliyonse ikafuna chipolopolo champhamvu inkapanga mfuti yatsopano kapena kusintha chitsulo. Siinkakakamiza mfuti yakale kusenza katundu woposa msinkhu wake. Nanga munthu mmodzi m'kashedi ka kuseri kwa nyumba, ali ndi tupa ndi chiboolero, nzeru zoposa kampani wazitenga kuti?

Mmisiri weniweni akalandira mfuti yoti asinthe, pali zinthu zingapo zimene amayamba wazifunsa asadakhudze chida chilichonse.

Choyamba ndi loko. Kodi apirira kukankha kwa chipolopolo chatsopano? Choopsa chake n'choti loko wofooka nthawi zambiri sasweka tsiku loyamba. Amanyutuka pang'onopang'ono, kuomba kulikonse n'kumasiya kampata kosaoneka ndi maso. Mwini wake amayenda akuuza anzake kuti waomba kambirimbiri popanda vuto. Tsiku lina mpata uja ukakula, chigoba chimang'ambika ndipo moto umatulukira kumbuyo. Paja akuluakulu adati tsoka silinunkha.

Chachiwiri ndi kutalika kwa chipolopolo. M'mfuti zimenezi muli kachitsulo konyamula chipolopolo kuchoka mukampope ka pansi kukachipereka pakamwa pa mpope wa pamwamba. Kachitsuloka adakapanga molingana ndi chipolopolo chimodzi. Chikatalika chimakakamira, chikafupika ziwiri zimatulukira limodzi. Ena amathetsa vutoli popala thupi la mfuti kuti malo akule. Koma chitsulo chimene akupalacho ndi chomwe chimagwira loko uja.

Chachitatu ndi matako a chipolopolo. Chigoba chilichonse chili ndi mkombero wake, ndipo kachitsulo kokoka chigoba chotha ntchito kayenera kuugwira ndendende. Chachinayi ndi bowo la mpope, lomwe liyenera kufanana ndi mutu wa chipolopolo. Mutu ukakula pang'ono chabe kuposa bowo, kukankha kuja kumakwera.

Chachisanu ndi chimene anthu ambiri sachiganizira. Mukampope ka pansi, zipolopolo zimagona pamzere, mphuno ya chimodzi itatsamira kabatani kothetheka moto ka chinzake cha kutsogolo. Mfuti ikaomba imagwedezeka mwamphamvu. Ngati mitu ya zipolopolo ili yosongoka, mphuno ija ikhoza kugunda kabatani ka chinzake, zipolopolo n'kuphulikira m'kampope momwemo, pamene dzanja lamanzere la woombayo lagwira. N'chifukwa chake zipolopolo za mfutizi zimakhala za mphuno yaphwatalala kapena yozungulira.

Browning vutoli adalizemba pa mfuti ya 1895 poika zipolopolo m'kabokosi, china pamwamba pa chinzake. Mfuti imeneyi ndi imene Theodore Roosevelt, atasiya upulezidenti wa America, adapita nayo kukasaka ku East Africa mu 1909, ndipo dziko la Russia lidagula pafupifupi 300,000 pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kampani ya Hornady nayo mu 2006 idatulutsa zipolopolo zosongoka zokhala ndi nsonga yofewa ngati labala kuti zizigona bwino m'kampope. Zonsezi zikuonetsa kuti opanga mfuti sadalitenge vutoli ngati nthano.

Tsopano tione mmene opanga zipolopolo amayesetsera kuteteza munthu ku manja ake omwe.

Pamene chipolopolo cha .357 Magnum chinkatuluka mu 1935, adachitenga ku .38 Special koma n'kuchipatsa mphamvu yowirikiza kawiri. Pozindikira kuti wina adzachiika mu mfuti yakale yofooka, adatalikitsa dala chigoba chake ndi mamilimita atatu kuti chizikana kulowa. Chimodzimodzinso mu 2000, makampani a Marlin ndi Hornady atapanga .450 Marlin, adachiveka lamba wokhuthala kumatako kuti chisalowe mu mfuti zakale za .45-70.

Mamilimita atatu amenewo ndi mlonda. Tsono munthu amatenga chida n'kukulitsa chipinda cha mfuti kuti chipolopolo chokanidwa chija chilowe, n'kumadzitama kuti wachita zaluso. Chimene wachita n'kuthamangitsa mlonda amene amisiri adamuika pakhomo.

Pomwe mlonda palibe, ngozi yake ndi yodziwika. Mu 1978 a Winchester adatulutsa chipolopolo cha .375 Winchester pamodzi ndi mfuti ya 1894 yokhuthala thupi kuti ichipirire. Vuto n'loti chipolopolochi chimalowa bwinobwino mu mfuti zakale za .38-55, zina za m'zaka za m'ma 1890, zomwe sizidapangidwe kuti zisenze mphamvu yotero. Chimalowa, chogwirira chimatseka, zonse zimaoneka bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nacho chipolopolo cha .45-70 mabuku a odzaza okha zipolopolo amachigawa patatu: chofooka cha mfuti za asilikali za 1873, chapakatikati cha mfuti zachogwirira zolimba, ndi champhamvu cha mfuti zamakono zolimbitsitsa. Kunja zonse zimaoneka chimodzimodzi ndipo zonse zimalowa. Kulowa kwa chipolopolo kumangokuuzani kuti bowo ndi lokwanira. Za mphamvu ya chitsulo sikukuuzani kanthu.

Komabe tisachite ngati ofuna kusintha mfuti alibe mfundo. Ali nazo, ndipo zina ndi zomveka.

Mfundo yoyamba ndi yoti zipolopolo zina zidasiya kupangidwa. Cha .44 Henry makampani adasiya kuchipanga m'zaka za m'ma 1930. Zina zilipo koma ndi zosowa ndiponso zodula. Mlimi wa ku Montana amene amafuna mfuti yotetezera ng'ombe zake ku zilombo sangamayendere chipolopolo makilomita mazana. Yachiwiri ndi yoti mipope imatha. Wonga wakuda ndi timabatani takale tinkasiya mchere umene unkadya mpope ngati mwini wake sadautsuke. Mfuti yabwino thupi lonse koma mpope wodyeka ili ngati njinga yabwino yopanda tcheni.

Pa mfuti yotere pali njira imene amisiri a ku America akhala akuitsata kwa zaka zambiri. Mfuti ya .30-30 yodyeka mpope amaiboola mwatsopano kuti ikhale ya .38-55. Izi zimayenda bwino chifukwa chigoba cha .30-30 chidachokera ku .38-55 komweko, matako ake ndi ofanana, kutalika kwake n'kosasiyana kwenikweni, ndipo mphamvu ya .38-55 ndi yocheperapo. Apa munthu akutsitsa katundu pamsana pa mfuti. Kusintha kotere ine ndilibe nako mlandu.

Ngakhale maboma adasinthapo mfuti. Mu 1866 dziko la Britain lidatenga mfuti zake zodzazira kukamwa za Enfield n'kuzisintha kuti zizidzazidwa kumbuyo, motsatira nzeru za Jacob Snider wa ku America. Pambuyo pake mfuti ya Martini-Henry, nayonso yachogwirira pansi ngakhale inkanyamula chipolopolo chimodzi chokha, imene asilikali a Britain adamenyera nkhondo ndi Azulu ku Isandlwana mu 1879, idasinthidwa m'zaka za m'ma 1890 kuti iziomba .303. Zambiri mwa izo zidaperekedwa kwa asilikali a m'maiko olamulidwa ndi Britain.

Koma taonani mmene ntchitoyo idagwiridwira. Idachitikira m'fakitale, mfuti iliyonse idayesedwa, ndipo idadindidwa zizindikiro zatsopano. Msilikali woilandira ankadziwa chimene wagwira.

Apa ndi pamene pagona mtima wa nkhani yanga. Kusintha mfuti kumakhala koyenera pokhapokha zinthu zitatu zitachitika: woigwira ntchitoyo akhale mmisiri wophunzira, mfutiyo iyesedwe, ndipo dzina la chipolopolo lolembedwa pampope lisinthidwe.

Ku Britain nkhani yoyesa mfuti ndi lamulo. Ku London kuli nyumba yoyesera mfuti ya bungwe la amisiri a mfuti lomwe lidavomerezedwa ndi mfumu mu 1637, ndipo ku Birmingham kuli ina yomwe idakhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo mu 1813. Kumeneko amaika mu mfuti chipolopolo champhamvu dala kuposa cha masiku onse, n'kuiombera m'chipinda chotseka mopanda munthu. Ikapirira amaidinda chidindo. Mfuti ikasinthidwa chipinda kapena bowo, chidindo chakale chimatha ntchito, ndipo kuigulitsa isadayesedwenso ndi mlandu. Maiko angapo a ku Ulaya amatsata dongosolo lofanana pansi pa mgwirizano womwe udayambira ku Liège m'dziko la Belgium mu 1914.

Ku America, kwawo kwa mfuti zachogwirira, lamulo lokakamiza kuyesa kotere kulibe. Kuli bungwe la makampani opanga mfuti ndi zipolopolo lotchedwa SAAMI, la mu 1926, limene limaika miyezo, ndipo makampani amaitsata mwa kufuna kwawo. Koma mfuti yosinthidwira kunyumba palibe woiyesa. Woyamba kuiyesa ndi amene waiika paphewa.

Ena amati mfutiyo ndi yanga, ndidagula ndi ndalama zanga, ndichita nayo chimene ndifuna. Pa wailesi kapena mpando mawu amenewa ndi omveka. Koma mfuti ya 1892 imene ikugwirabe ntchito lero yadutsa m'manja mwa mibadwo inayi kapena isanu, ndipo aliyense mwa anthu amenewo ankadziyesa mwini wake. Onse adali ongosungira amene akubwera.

Munthu akatola mfuti ya malemu bambo ake, chimene amakhulupirira ndi zolembedwa pampope. Pakalembedwa .44-40 amakagula .44-40. Ngati bambo aja adaisintha osalemba, kapena ngati adaiyenereza chipolopolo chimene loko wake akungochipirira mwamwayi, chinsinsi chimenecho adapita nacho kumanda. Mwana sangafunse munthu amene kulibe. Wosintha mfuti n'kusiya dzina lakale pampope wasiya bodza lolembedwa pachitsulo, ndipo chitsulo sichifufutika msanga.

Palinso kutayika kwa chuma. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, mfuti zambiri za 1892 zinkagulidwa motchipa n'kusinthidwa kuti ziziomba .357 Magnum kapena .44 Magnum, chifukwa pa nthawiyo zatsopano zotere zidali zosowa. Lero osonkhanitsa mfuti zakale amalipira ndalama zambiri pa mfuti imene ili monga idatulukira m'fakitale, pomwe yosinthidwa amaitsitsa mtengo kwambiri. Amene ankati akuikweza mfuti adadya chuma cha adzukulu awo.

Chinanso n'choti chifukwa chimene anthu aja adali nacho lero chidatha. Kampani ya Marlin idatulutsa mfuti yachogwirira ya .44 Magnum mu 1969 ndi ya .357 Magnum mu 1979. Fakitale ya Winchester ya ku New Haven idatsekedwa mu 2006, koma mfuti za dzinali zikupangidwabe ndi kampani ya Miroku ku Japan. Rossi ya ku Brazil imapanga zofanana ndi za 1892 pogwiritsa ntchito chitsulo chamakono, ndipo dzina la Marlin lidagulidwa ndi kampani ya Ruger mu 2020. Wofuna chipolopolo champhamvu akhoza kugula mfuti imene idabadwira chipolopolocho, ndipo kawirikawiri mtengo wake susiyana kwenikweni ndi wolipira mmisiri kuti asinthe mpope, kanyamulo ndi zina zonse. Ya agogo ija n'kuisiya mmene ilili.

Mwina wina akufunsa kuti za ku America zikutikhudza bwanji ife. Mfuti zachogwirira kuno ndi zosowa, koma mtima wofuna kukakamiza chitsulo tili nawo. Kuno kwathu timadziwa mfuti za gogodela, zosulidwa m'midzi ndi paipi wamba, zomwe apolisi ndi oyang'anira nyama zakutchire amalanda kawirikawiri kwa opha nyama mozemba. Paipi ya madzi siidapangidwe kuti isunge moto wa wonga. Wothira wonga wa m'chipolopolo chamakono mu gogodela akubwereza kulakwa komwe kuja kwa munthu wa ku America woika chipolopolo champhamvu mu mfuti ya agogo ake, kungoti iye alibe ngakhale loko wa Browning womutchinjiriza.

Luso la amisiri athu a pamsika ndimalilemekeza. Amaukitsa njinga, mapampu ndi zigayo zimene kwina akadazitaya kalekale. Koma chigayo chikakonzedwa molakwika chimangoima, mwini wake n'kubwerera kwa mmisiri kukadandaula. Mfuti ikakonzedwa molakwika siipereka mpata wodandaula. Pa ntchito imeneyi kuyerekeza ndi maso sikukwana. Pamafunika zida zoyezera timipata tochepa ngati tsitsi, ndi malo oyesera pomwe palibe munthu pafupi.

Lamulo la dziko lino la mfuti, la mu 1967, limafuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi chilolezo, ndipo chilolezocho chimalembedwa m'dzina la munthu. Choncho banja likapeza mfuti m'katundu wa malemu, pogawa chuma chamasiye isakhale m'gulu la mabulangete ndi mipando. Chanzeru n'kukanena kupolisi kuti akakuuzeni zoyenera kuchita. Mwana asaiyese n'chipolopolo chilichonse chimene wachipeza m'sutikesi pongoona kuti chikulowa. Safunsa adadya phula.

Kwa amene ali ndi mfuti mwalamulo, kaya ku Montana, ku Birmingham kapena kuno, malangizo ake ndi amodzi. Gwiritsani ntchito chipolopolo chimene chalembedwa pampope. Ngati pali chifukwa chenicheni chosinthira, pitani kwa mmisiri wovomerezeka, ndipo akakuuzani kuti sizitheka, mumvereni. Musamayendere amisiri mpaka mutapeza wovomera, chifukwa wovomera chilichonse amapezeka ndithu, koma tsiku la ngozi sadzakhalapo. Ntchito ikatha, onetsetsani kuti mfuti yayesedwa ndipo dzina latsopano ladindidwa pamalo ooneka.

Browning adamwalira mu 1926, koma mipiringidzo yake ikutetezabe nkhope za anthu amene sadamuonepo. Adaiyeza molingana ndi katundu amene ankadziwa kuti idzasenza, n'kusiyako mpata woti munthu akalakwitsa pang'ono apulumuke. Mpata umenewo ndi cholowa cha aliyense amene adzagwire mfutiyo. Mwini wake wa lero alibe ufulu woudya yekha n'kusiyira ana ake mfuti yongodikira tsiku.